Munthu wolasidwa muvi pamtima: miyezi itatu ndikulimbana ndi Ni

Zilembo zake ndi ziwiri zokha, N wamkulu ndi i wamng'ono, koma zandidyera miyezi itatu. Ni ndi chidule cha introverted intuition, kutanthauza kamtima kongokuonetsa chinthu kuchokera mkati mwako, ndipo anthu okonda kuika anzawo m'magulu malinga ndi mmene amaganizira amati ameneyu ndiye mtsogoleri m'mutu mwa anthu a magulu awiri otchedwa INTJ ndi INFJ. Ine ndinalowamo kudzera m'mafunso a pa intaneti aja, oyankha mphindi khumi n'kupatsidwa zilembo zinayi. Zanga zinatuluka INFJ, ndipo pansi pake panali mawu otsekemera: woona patali, wozama, wosowa. Ndinameza osatafuna.

Zinayamba kugwedezeka nditafuna kudziwa kumene nkhaniyi inachokera. Gwero lake ndi Carl Gustav Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, m'buku lake la mu 1921 lotchedwa Psychologische Typen, lomwe linamasuliridwa m'Chingelezi mu 1923. Bukulo ndi lonenepa, ndipo magulu a anthu omwe aliyense amathamangira ali chakumapeto, m'mutu wa khumi. Jung anati maganizo a munthu ali ndi njira zinayi zogwirira ntchito. Sensation, yomwe ndi maso, makutu, khungu ndi zina zotero, imakuuza kuti pali chinthu. Thinking imakuuza kuti chinthucho ndi chiyani. Feeling imachiyeza kuti n'chamtengo kwa iwe kapena ayi. Intuition imanunkhiza kumene chachokera ndi kumene chikulowera. Njira iliyonse ikhoza kuloza kunja, ku zinthu ndi anthu, kapena kuloza mkati mwa mwini wake, ndiye zonse pamodzi zimakwana zisanu ndi zitatu.

Chomwe ndinali nditaphonya ndi ichi. Jung anagawa njira zinayi zija pawiri: ziwiri, thinking ndi feeling, zimaweruza, ziwiri zinazo zimangoona. Intuition ili m'gulu la zongoona. Siyesa umboni pa sikelo, simaliza mlandu. Imangokuikira chithunzi patsogolo, chathunthu, osakuonetsa njira yomwe chadzera, chifukwa ntchito yosonkhanitsa zidutswa yachitikira kumene iwe sungasuzumireko. Ine ndinkawerenga Ni ngati kudziwa zoona anthu ena asanadziwe. Jung sananene zimenezo.

Chitsanzo chake chomwe chinanditsegula mutu ndi cha munthu amene wagwidwa chizungulire chochokera m'maganizo. Amene amatsogoleredwa ndi sensation yoloza mkati amatsatira chizungulirecho mmene chilili: chayamba bwanji, chakula motani, chatha liti. Wa Ni sachedwa pamenepo. Chizungulire changokhala khomo, iye wadutsa kale, ndipo akuona chithunzi cha munthu akudzandira, muvi utamulasa pamtima. Chithunzicho chimamugwira, amachiyang'ana chikusintha mpaka kuzimiririka, ndipo n'kutheka osazindikira n'komwe kuti thupi lomwe likudzandira ndi lake. Ndinawerenga ndimeyi katatu. Mmenemo muli mphatso ndi ngozi yake yomwe: munthu waona china chozama, koma waiwala kukhala pansi n'kumwa madzi.

Ndinakumbuka zomwe zinandichitikira pa ntchito ina ya pagulu. Tinali pa msonkhano, ndipo mnzathu wina anafunsidwa ngati angasenze gawo lina. Anati palibe vuto. Mawu ake anali osalala, koma zala zake zinkapinda kapepala, kupinda, kupindanso, mpaka kanasanduka kanthu kolimba ngati batani. M'mutu mwanga munangobwera mpando wake uli wopanda munthu. Sindinaganize kuti "watopa, choncho achoka". Ndinangoona mpando. Patapita miyezi iwiri anachokadi, ndipo ine ndinayenda ngati mneneri kwa sabata yathunthu.

Mnzanga wina wosakonda zokometsera anandifunsa funso limodzi: "Nanga mipando ina yomwe unaiona yopanda anthu, eni ake ali pompo mpaka lero, unaiwerenga?" Zinandiwawa, koma ndinagula kope. Kamtima kakandiuza chinthu mwamphamvu, ndinkachilemba ndi tsiku lake, zisanachitike. Nditabwerera m'kopemo patapita masabata angapo, manyazi anandigwira. Zina zinachitikadi. Zambiri sizinachitike, ndipo zina ndinazilemba mozungulira kotero kuti chilichonse chikanazikwanira. Chodabwitsa n'chakuti kutsimikiza kwa mumtima kunali kofanana pa zonse. Cholondola ndi cholakwika zimabwera zitavala malaya amodzi.

Jung mwini anazidziwa izi. Pofotokoza munthu wotere anaika pamodzi wolota ndi wamasomphenya, waluso ndi munthu wa timaganizo tachilendo tosamveka, ndipo anati akalephera kufotokoza zomwe waona amasanduka mawu a wofuula m'chipululu. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, ndipo n'zoona. Kungoti si aliyense wofuula kuti nkhondo amene waionadi, ndipo wofuulayo mkati mwake sangasiyanitse.

Mawu oti dominant, omwe amanena njira yotsogolera m'mutu mwa munthu, nawonso ndinkawamva molakwika. Ndinkaona ngati akutanthauza luso, chinthu chomwe umaposa nacho anzako. Tanthauzo lake n'lapafupi ndi dzanja lomwe umalembera: ndi lomwe umaturutsa msanga osaganiza, lomwe umalikhulupirira ngakhale pamene dzanja linalo likanagwira bwino. Ndipo pali mtengo wake. Njira ina ikakula kwambiri, yotsutsana nayo imatsalira yosakhwima. Kwa wa Ni yotsalirayo ndi sensation yoloza kunja, Se, yomwe ndi kukhala pano, panopa, n'kuona zomwe zili patebulo. Ndiye munthu akhoza kukufotokozera kumene bungwe lake lidzakhale zaka zisanu zikubwerazi, uku akufunafuna makiyi omwe ali m'manja mwake. Zinthu zikamupanikiza, mbali yonyalanyazidwayo imabwezera: kaphokoso kakang'ono kamamubaya, kakupweteka kochepa m'thupi kamasanduka matenda oopsa m'maganizo mwake, kapena amagwera m'zosangalatsa thupi mopanda malire. Jung anatchula zizindikiro zamtunduwu, ndipo wophunzira wake Marie-Louise von Franz anadzaphunzitsa mozama za njira yotsalirayi. Kunena zoona, ndinadzizindikira bwino m'ndime zimenezi kuposa m'mawu otsekemera aja.

Chinandizunguza kwa nthawi yaitali ndi chilembo J. Ngati Ni imangoona osaweruza, bwanji INTJ ndi INFJ akuthera ndi J, chilembo cha oweruza (judging)? Yankho lili kwa Katharine Cook Briggs ndi mwana wake Isabel Briggs Myers, a ku America, omwe anatenga maganizo a Jung n'kupanga mafunso oika anthu m'magulu otchedwa MBTI (Myers-Briggs Type Indicator) m'zaka za m'ma 1940. Iwo ndiwo anawonjezera J ndi P (chilembo cha ongoona, perceiving) n'kufikitsa magulu pa 16, ndipo chilembo chomalizachi chimangonena njira yomwe munthu amaonetsa kunja. Kwa munthu woloza mkati, mtsogoleri amakhala m'chipinda, ndipo amene mumakumana naye pakhomo ndi wachiwiri wake. Kwa INTJ wachiwiriyo ndi Te, thinking yoloza kunja, kukonza zinthu ndi mfundo. Kwa INFJ ndi Fe, feeling yoloza kunja, kusamala za mmene anthu akumvera pakati pawo. Wachiwiriyu si wongokongoletsa. Ndi iye amene amatenga chithunzi chija n'kuchifunsa kuti, chabwino, umboni uli kuti, ndipo tichite nacho chiyani? Popanda iye munthu amangokhala woonerera kanema wa m'mutu mwake.

Za kusiyana kwa Ni ndi Ne, intuition yoloza kunja, sindichedwapo. Ambiri amati Ne imatenga chinthu chimodzi n'kuphukira nthambi khumi, pamene Ni imatenga khumi n'kuziunjika pa chimodzi. Zimathandiza kukumbukira, basi.

Pali zinanso zomwe zinandiziziritsa. Tsamba lotchuka la 16Personalities limagwiritsa zilembo zomwezo koma siliyeza njira za Jung zija, limatsamira ku kayezedwe kena kotchedwa Big Five, komwe akatswiri ambiri ofufuza za maganizo amakadalira kuposa MBTI. Anthu ambiri akayezedwa amagwera pakatikati, osati m'mbali ziwiri zosiyana, ndiye munthu yemweyo akabwereza mafunso patapita masabata angapo chilembo china chikhoza kusintha. Ndipo mu 1948 katswiri wa za maganizo wa ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake onse ndime imodzimodzi, aliyense atauzidwa kuti yalembedwa za iye yekha. Poiyeza kulondola kwake anaipatsa pafupifupi 4.3 pa 5. Nditawerenga zimenezi ndinabwerera ku mawu anga aja, woona patali, wozama, wosowa, n'kuseka ndekha. Ngakhale Jung, pocheza ndi katswiri wa za maganizo wa ku America, Richard Evans, mu 1957, ananena kuti palibe munthu woloza mkati kapena kunja kotheratu, ndipo atapezeka angakhale m'chipatala cha amisala.

Sindinazitaye komabe. Ngati muyeso wa sayansi sindizidalira, koma ngati mawu ofotokozera zomwe zimachitika chithunzi chikabwera chisanabwere chifukwa chake, sindinapeze abwino kuposa a Jung. Za INFJ ndasiya kudzitcha. Kope lija ndikulembabe, ndipo ndawonjezera danga lachiwiri pa tsamba lililonse: ndinaona chiyani ndi maso, ndinamva chiyani ndi makutu, chithunzicho chisanabwere? Danga limeneli ndi lomwe likundivuta. Dzulo ndinayesa kulemba zinthu zisanu za m'chipinda chomwe ndimagwiriramo ntchito tsiku ndi tsiku, ndili kunja kwake. Ndinakwanitsa zitatu. Khoma ndinalemba kuti ndi loyera, ndipo nditalowa ndinapeza ndi lachikasu.