Atatseka Lero, Tingapirire Masiku Angati?

Sabata yachitatu ya phunziro lathu la ndale ndi chuma cha mayiko, aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yooneka yophweka. Aliyense alembe tsamba limodzi lofotokoza mmene dziko lingatetezere chuma chake kwa mayiko ena ofuna kulifinya. Ine sindinachedwe nazo. Ndinalemba kuti dziko lizilima lokha, lizipanga lokha zonse zimene limafuna, lisamadalire munthu, basi. Pepala litabwerera ndinapeza funso limodzi lokha m'mbali mwake: dziko lotere mwaliona kuti? Zinandiwawa pang'ono chifukwa ndinkaona ngati ndalasa. Koma nditakhala pansi kuti nditchule dziko limodzi lolemera lomwe siligula kanthu kunja, ndinasowa chonena. Ngakhale United States ndi China, amene amayang'anizana ndi diso lofiira, tsiku lililonse amagulitsana katundu amene aliyense wa iwo angavutike atamusowa.

Chimene chinanditsegula maso ndi mfundo yakale ya Albert Hirschman, katswiri wa zachuma amene mu 1945 anafotokoza mmene Germany ya Hitler inakolera mayiko monga Bulgaria ndi Hungary m'zaka za m'ma 1930. Sinayambe ndi asilikali. Inangokhala wogula wawo wamkulu, n'kumatenga zokolola zawo zambiri, mpaka alimi ndi amalonda a kumeneko anafika poti sangaganizenso za moyo wopanda msika wa ku Germany. Malonda amapindulitsa onse awiri, zimenezo n'zoona, koma akaduka ululu sugawidwa mofanana. Amene amva ululu wochepa ndiye amalamula mnzake. Ndipo chinthu chimene sindinachiganizepo n'kale n'chakuti m'dziko lokoledwalo mumabadwa gulu la anthu odyerapo, omwe amayamba kulankhulira mlendoyo m'boma lawo lomwe popanda wowatuma.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa ngati dziko limagula kunja kapena ayi. M'kope langa tsopano muli mafunso awiri amene ndimayesera nawo nkhani iliyonse. Wogulitsayo atatseka chitseko m'mawa uno, tingapirire masiku angati? Nanga masikuwo asanathe, tingagogode khomo la ndani?

Funso la masikuli si langa ayi. Mu Okutobala 1973 mayiko a Aluya opopa mafuta anasiya kugulitsa kwa mayiko amene ankathandiza Israel pa nkhondo, ndipo m'miyezi yochepa mtengo wa mgolo umodzi unachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12. Chaka chotsatira, mu 1974, mayiko ogula mafutawo anakhazikitsa bungwe la International Energy Agency ku Paris, ndipo lamulo lake lodziwika kwambiri ndi la masiku: membala aliyense wogula mafuta kunja azisunga okwanira masiku 90. Sanati aliyense akumbe zitsime zake. Anangogula nthawi yoti mutu uzizire, anthu akambirane, sitima zisinthe njira.

Nkhani imene yanditengera nthawi yaitali, moti ndaiwerenga mobwerezabwereza, ndi ya Germany ndi Lithuania pa gasi wa ku Russia. Mu 2021 pafupifupi 55 peresenti ya gasi amene Germany inkagula kunja ankachokera ku Russia. Anali wotsika mtengo, ankabwera ndi mapaipi, mafakitale a mankhwala ndi a zitsulo ankasangalala naye. Dziko lalikulu chonchi linalibe doko ngakhale limodzi lolandirira gasi wobwera pa sitima. Koma chimene chinandidabwitsa koposa, mpaka ndinaitana mnzanga wa m'kalasi kuti adzaone, ndi nkhani ya Rehden. Imeneyi ndi nkhokwe yaikulu kwambiri ya gasi mu Germany, ndipo inali m'manja mwa kampani ya nthambi ya Gazprom, kampani yaikulu ya gasi ya ku Russia. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, nkhokweyo inali pafupifupi yopanda kanthu. Tangoganizani, anzanga. Nkhokwe ili pabwalo pako, koma kiyi ali ndi yemwe ukumuopayo. Pa pepala masiku opirira analipo, koma m'nkhokwemo munalibe.

Lithuania ndi dziko laling'ono, anthu ake sakwana 3 miliyoni, ndipo kale gasi wake yense ankachokera ku Gazprom pa mtengo wokwera. Mu 2014 inabweretsa pa doko la Klaipeda sitima yaikulu yolandira gasi wamadzi n'kumusandutsa mpweya, ndipo anaitcha dzina loti Independence, kutanthauza kuima paokha. Anthu ambiri anadandaula kuti ndi yodula, kuti dziko likulipira chinthu chimene silichigwiritsa ntchito mokwanira. Komatu chaka chomwecho Gazprom inatsitsira Lithuania mtengo ndi pafupifupi 20 peresenti. Sitimayo isanagwire n'komwe ntchito mokwanira inali itayamba kale kubweza ndalama, chifukwa wogulitsa akadziwa kuti uli ndi kwina kopita amayamba kulankhula nawe mwaulemu. Mu Epulo 2022 Lithuania inasiyiratu kugula gasi wa ku Russia. Germany nayo inadzamanga doko lake ku Wilhelmshaven, linatsegulidwa mu Disembala 2022 patatha miyezi yochepa chabe ya ntchito, zomwe zikusonyeza kuti luso linalipo kale. Chimene chinasowa zaka zonsezo ndi mtima wolipira chinthu chooneka ngati chosafunika pa nthawi ya mtendere. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti chitetezo cha chuma chili ngati inshulansi. Chaka chilichonse chimene ngozi sinachitike umaona ngati wataya ndalama, ndipo nduna ya zachuma yofuna kuoneka yosamala imayamba kudula pomwepo.

Japan inaphunzira msanga kuposa ena. Mu Seputembala 2010 boti la asodzi a ku China linagundana ndi sitima za alonda a panyanja a Japan pafupi ndi zilumba za Senkaku, zimene mayiko awiriwa amalimbirana, Japan inamanga woyendetsa botilo, ndipo posakhalitsa miyala yotchedwa rare earths, dzina lotanthauza kuti ndi yosowa, inasiya kufika ku Japan, ngakhale China inakana kuti inaletsa dala. Miyala imeneyi ndi yopangira maginito amphamvu a m'magalimoto amagetsi, m'makina opangira magetsi ndi mphepo, ngakhale m'zida za nkhondo. Dzina lake limanamiza, chifukwa siyosowa kwenikweni m'nthaka. Chovuta ndi kuyenga kwake, ntchito yauve ndi yodula imene mayiko ambiri anaisiyira China mosangalala, mpaka lero pafupifupi 90 peresenti ya kuyengako kumachitikira kumeneko. Pa nthawiyo Japan inkadalira China pafupifupi 90 peresenti. Mu 2011 bungwe la boma la JOGMEC pamodzi ndi kampani ya Sojitz anaika madola 250 miliyoni mu kampani ya Lynas, imene imakumba ku Mount Weld ku Australia n'kukayengera ku Malaysia. Patapita zaka zoposa khumi kudalirako kunatsika kufika cha m'ma 60 peresenti. Nditaona nambala imeneyi ndinakhumudwa, kunena zoona. Zaka zonsezo, ndalama zonsezo, n'kutsala pa 60? Kenako ndinazindikira kuti ine ndikadali ndi maganizo a tsamba langa loyamba lija, ofuna ziro. Kuchoka pa 90 kufika pa 60 ndiye kuti mafakitale ofunika kwambiri ali ndi popumira chitseko chikatsekedwa.

Sikuti kudalira kulikonse n'koopsa mofanana. Australia itapempha mu 2020 kuti pakhale kafukufuku wa kumene Covid-19 inayambira, China inaika msonkho wa 80.5 peresenti pa balere wake, ndi wofika mpaka 218 peresenti pa vinyo, komanso malasha anaima pa madoko. Balere ndi malasha anapeza ogula ena mosavuta kwenikweni, poti mbewu ndi mbewu, aliyense angaigule. Opanga vinyo ndiwo analira, chifukwa anali atathera zaka kumanga dzina lawo pa msika umodzi womwewo. Ndipo miyala ya chitsulo, imene China inkaifuna kwambiri ndipo inalibe kwina koigula yochuluka chonchi, sinakhudzidwe n'komwe. Hirschman uja akanamwetulira.

Gawo la ndalama ndilo linandizunguza mutu. Russia inakhala zaka ikusunga ndalama zakunja, zoposa madola 600 biliyoni, podziwa kuti tsiku lina idzapatsidwa zilango. Mwa mafunso anga awiri aja, inkaoneka kuti yayankha loyamba bwino lomwe. Koma m'masiku ochepa chiyambire nkhondo mu 2022, mayiko a azungu anaumitsa pafupifupi madola 300 biliyoni a banki yaikulu ya dzikolo, ndipo gawo lalikulu lili ku Euroclear, kampani yosunga chuma cha mabanki mu mzinda wa Brussels ku Belgium. Ine ndinkaganiza kuti ndalama zakunja za dziko zimakhala m'chipinda chokhoma cha banki yaikulu. Ayi ndithu. Zambiri ndi manambala olembedwa m'mabuku a mabanki a mayiko ena, pansi pa malamulo a mayiko amenewo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nkhondoyo sindiivomereza m'pang'ono pomwe, koma wophunzira ayenera kuona kuti mabanki aakulu ambiri anatolapo phunziro, ndipo kuyambira chaka chimenecho akhala akugula golide wochuluka kwambiri.

Pali mbali ina imene aphunzitsi athu amaibwereza mpaka ena m'kalasi amatopa nayo: mawu oti chitetezo ndi chikwama chachikulu, aliyense amaponyamo zake. Mu 2018 United States inaika msonkho wa 25 peresenti pa zitsulo zochokera kunja ponena kuti ndi nkhani ya chitetezo cha dziko, ndipo msonkhowo unagwera ngakhale Canada, mnansi ndi bwenzi lake la pa nkhondo. Kampani iliyonse yolephera mpikisano imatha kuvala malaya a chitetezo n'kupita kuboma kukapempha kuti oipikisa atsekeredwe kunja, ndipo wolipira ndi wogula wamba. Sri Lanka inaonetsa ngozi ina. Mu Epulo 2021, ndalama zakunja zikuchepa, boma linaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza, ati ulimi ukhale wachilengedwe ndi wodzidalira. Zokolola zinagwa, chiletsocho chinachotsedwa chaka chisanathe, dziko linayamba kugula kunja chakudya chimene linkalima lokha, ndipo mu 2022 linalephera kubweza ngongole zake, pulezidenti Gotabaya Rajapaksa n'kuthawa mu Julaye. Mavuto a dzikolo anali ambiri, feteleza sanali yekha. Komabe nditawerenga zimenezi ndinatenga tsamba langa loyamba lija n'kuliwerenganso, ndipo manyazi anandigwira, chifukwa malangizo anga sanali kutali ndi amenewa.

N'chifukwa chake ndimaona kuti lamulo la Japan la mu Meyi 2022 lolimbikitsa chitetezo cha chuma lili ndi nzeru pa chinthu chimodzi: limasankha. Silinena kuti chilichonse n'chofunika. Limayang'ana katundu wowerengeka amene dziko silingakhale popanda iye, ntchito zikuluzikulu monga magetsi, madzi, mabanki ndi mauthenga, kafukufuku wa luso lamakono, ndi kubisa zotulukira zina zimene zingagwiritsidwe ntchito pa nkhondo. Kusankhako ndiye ntchito yeniyeni, ndipo ndi ya ndale, chifukwa aliyense amafuna kuti katundu wake alowe m'ndandanda.

Chimene chimandivutabe mumtima n'chakuti inshulansi imeneyi ndi ya olemera. Japan ikhoza kuika mamiliyoni mu mgodi wa ku Australia, United States inapatula madola opitirira 52 biliyoni mu 2022 kuti tizipangizo ta m'makompyuta tizipangidwa kwawo osati ku Taiwan kokha. Dziko losauka, limene ndalama zake zakunja sizikwana kugula katundu wa miyezi itatu, lisunga bwanji mafuta a masiku 90? M'kalasi tinakangana nazo ola lathunthu. Ine ndinaima pa mfundo yoti kwa dziko lotere funso lachiwiri ndilo lotsika mtengo: madoko awiri m'malo mwa limodzi, obwereketsa angapo m'malo mwa mmodzi, kuwerenga bwino pangano musanapereke doko kapena nkhokwe kwa mlendo, ndi kugwirizana ndi anansi, monga mayiko a ku Asia anachitira ku Chiang Mai, mzinda wa ku Thailand, mu 2000 atapsa ndi vuto la zachuma la 1997, pogwirizana zobwerekana ndalama zakunja pa tsiku la mavuto. Mnzanga wina anandiyankha kuti njira yachiwiri nayo imafuna msewu ndi njanji, ndipo zimenezo ndi ngongole inanso. Sindinamugonjetse.

Lachinayi likubwerali ndi nthawi yanga yoyankhula kutsogolo kwa kalasi, ndipo ndasankha Estonia. Mu 2007, pa mkangano wosuntha chipilala cha msilikali wa Soviet Union mu mzinda wa Tallinn, makompyuta a mabanki, a boma ndi a nyuzipepala anaukiridwa kwa milungu ingapo kudzera pa intaneti. Dziko limene pafupifupi ntchito zonse za boma zimayendera pa kompyuta linadzifunsa kuti zidzatha bwanji tsiku limene adani adzalowe n'kulanda nyumba zosungira zolembedwazo. Yankho lawo linali kusaina pangano ndi Luxembourg mu 2017 loti makope a zolembedwa zofunika za boma azisungidwa kumeneko, m'chipinda chotetezedwa ngati ofesi ya kazembe. Ndiye kuti Russia inapsa chifukwa chosunga chuma chake kunja, pamene Estonia yatumiza dala nkhokwe yake kunja kuti ipulumuke. Mwambi wa fodya uja ndinali nditaulemba kale pamwamba pa tsamba loyamba la zokamba zanga, ndipo usiku wathawu ndaufufuta, n'kuulembanso, n'kuusiya ndi chizindikiro cha funso kutsogolo kwake.