Mapapo oyera omwe amada anthu akuona

Pa ntchito zaluso zochenjeza anthu za kuipa kwa mpweya, yogwira mtima kwambiri ndi ya mapapo akuluakulu a nsalu yoyera yosefera mpweya, monga omwe anaikidwa ku New Delhi, m'dziko la India, mu 2018. Safuna mawu ambiri, amada okha anthu akuona.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Pangani chimango cha mapapo awiri, chikuteni ndi nsalu ya HEPA (yosefera ngakhale tinthu ting'onoting'ono kwambiri ta mumpweya), kumbuyo ikani mafani okoka mpweya kudzera m'nsaluyo. Matani m'mphepete monse. Mukasiya mpata, mpweya umalowera pamenepo, nsalu n'kukhalabe mbee, anthu n'kumaganiza kuti malowo ali bwino. Aimikeni pamsinkhu womwe munthu amapumira, mamita 1.5 mpaka 2, pansi pa kadenga, chifukwa mvula imatseka timabowo ta nsalu ndi kusiya mawanga.

Pambali ikani kachipangizo koyezera PM2.5, tinthu tosapitirira mamaikulomita 2.5 tomwe timafika mkatikati mwa mapapo. Lembani poonekera mlingo wa PM2.5 wosayenera kupitirira womwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mu 2021: mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita iliyonse pa maola 24. Chenjerani, tizipangizo totsika mtengo timakweza manambala kukakhala chinyezi kapena nkhungu, choncho muziyerekeza ndi siteshoni yovomerezeka yoyezera mpweya.

Chomwe ambiri amadumpha ndi ichi: dulani kachidutswa ka nsalu yomweyo, katsekereni m'galasi, kaikeni pambali. Popanda iko, anthu amaiwala kuyera kwa tsiku loyamba. Mulembenso kuti nsaluyo imangogwira mwaye ndi fumbi. Mpweya woipa monga nitrogen dioxide umadutsa osasiya chizindikiro chilichonse.