Sitima yathu anaigulitsa pa okushoni ku Durban, ine malipiro ndinawatsatira ndili ku Kasungu

Kwathu kuno ukanena kuti sitima anaimanga anthu amaseka, alamu anga mpaka anandifunsa kuti "alamu, nde unyolo wakewo anaukoleka pati?" Koma zimachitika ndithu ndipo ine zinandigwera ku Durban. Ndinkagwira ku injini pa sitima yonyamula katundu wongokhuthulira uja, malasha, feteleza, nthawi zina chimanga. Masiku ano anyamata akwathu ayamba kulowa ntchito za m'nyanja kudzera kwa ma ejenti a ku Joni ndi ku Dar, nde ndati ndifotokoze mmene zinayendera kuyambira tsiku lomwe sherifi, wotumidwa ndi khoti, anakwera sitima mpaka ndalama kulowa mu akaunti.

Zinayamba ndi malipiro kuchedwa. Mwezi uno akuti banki yavuta, mwezi winawo akuti tidikire eni katundu alipire, kenako ma imelo osayankhanso. Chakudya chinayamba kuchepa, khukhi kumangotiphikira mpunga ndi nyemba za m'chitini. Titangokocheza pa Durban kunabwera sherifi ndi mapepala a ku High Court, anawapatsa akaputeni, lina n'kumata pagalasi, basi sitima yamangidwa. Kunalibe wapolisi ngakhale mmodzi, kungoti a doko sangakupatseninso chilolezo chotuluka. Anaimangitsa ndi kampani ina yomwe inatithira mafuta pa ngongole kudziko lina.

Lamulo lake ku South Africa ndi Admiralty Jurisdiction Regulation Act ya 1983 ndipo limalola kusumira sitima yeniyeniyo ngati kuti ndi munthu. Chifukwa chake n'chomveka, mwini sitima nthawi zambiri amakhala kampani ya papepala yolembetsedwa kutali, mbendera ya dziko lina, ofesi kwinanso, ukati umusake utha nsapato, pamene sitimayo ili pompano ndipo ndi chitsulo cha ndalama. Ku South Africa anachita kuwonjeza, amatha kumanga ngakhale sitima ina yomwe sinatenge ngongoleyo bola ikhale m'manja mwa bwana yemweyo, n'chifukwa chake angongole amakonda kubisalira sitima pa Durban, Richards Bay kapena Cape Town.

Nthawi zambiri sizikhalitsa, mwini amapereka chikole, kaya kalata ya a inshuwalansi kaya ya banki, sitima n'kumasulidwa mlandu n'kumapitirira pawokha. Wathu anangoti zii. Angongole ena atamva anathamangira onse, banki yomwe inakongoza ndalama zogulira sitimayo, ogulitsa zakudya, ejenti, okonza ma injini. Anatichotsa pa doko n'kukatiponyetsa nangula kunja, magetsi a tauni ya Umhlanga tikuwaona usiku uliwonse koma kutsika ayi.

Choyamba chimene tinachita ndi kuimbira inspekitala wa ITF. Limeneli ndi bungwe la padziko lonse la ogwira ntchito zamtengatenga, lili ndi anthu ake m'madoko akuluakulu ndipo sakulipiritsa. Iyeyu anatiuza kuti tipite pa bolodi la m'chipinda chodyera tikajambule satifiketi ya inshuwalansi ina yake yomwe tonse tinkaidutsa tsiku ndi tsiku osaiwerenga. Pali pangano la padziko lonse la Maritime Labour Convention la 2006, ndipo kuyambira January 2017 sitima zoyenda m'maiko zimayenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza antchito bwana akawataya. Akapanda kukulipirani miyezi iwiri, kapena akakusiyani opanda chakudya, kapena akakana kukugulirani tikiti yobwerera, lamulo limati wakutayani. Pamenepo a inshuwalansi amakupatsani malipiro ofika miyezi 4, tikiti yakwanu, ndi chakudya ndi madzi muli m'sitimamo. Miyezi 4 yokha, osapitirira. Ife ngongole yathu inali itadutsa pamenepo kalekale nde yotsalayo inayenera kudikira sitima igulitsidwe. Komanso dziwani kuti miyezi 4 imene akupatsaniyo simungakaifunenso ku khoti, a inshuwalansi amalowa m'malo mwanu kukatenga zawo.

Tsopano mapepala, apa nde pagona nkhani yonse. Musanatsike sitima mukhale ndi kontrakiti yanu yosainidwa, bukhu lanu la m'nyanja lodindidwa tsiku lokwera ndi lotsika, mndandanda wa ogwira ntchito wokhala ndi dzina lanu, mapepala a ma ovataimu, ndi chachikulu kwambiri pepala lowerengetsa malipiro mwezi ndi mwezi losainidwa ndi akaputeni ndi chidindo cha sitima. Akaputeni athu anali munthu wabwino komanso nawo sanalipidwe, nde tinakhala nawo pansi aliyense payekha kuwerengetsa, malipiro, ovataimu, masiku a tchuthi osadya, zonse m'madola monga mwa kontrakiti. Ndinajambula chilichonse pa foni n'kutumiza kwa mayi akunyumba pa WhatsApp ndi pa imelo yanga, chifukwa foni m'nyanja imagwa. Ndipo wina akabwera ndi pepala loti mwalandira zanu zonse, kuti musaine kaye tikiti ibwere pambuyo, musasaine. Kwa ife linabwera, lochokera kwa ejenti wa bwana, inspekitala anangoti libwezeni.

Kenako tinasaina kalata yopatsa mphamvu maloya a zam'nyanja amene ITF inatilumikiza nawo kuti atiyimire tonse pamodzi. Anzanga ena makamaka achikulire ankakana kutsika, amvekere ukachoka m'sitima ndalama zapita. Mantha amenewa ndimawamvetsa koma si mmene lamulo lilili. Malipiro a wantchito wa m'nyanja amamatirira pa sitimayo, amati maritime lien, ndipo sitima ikagulitsidwa ndi khoti ngongoleyo imasamukira pa ndalama zomwe zapezeka. Chomwe muyenera kuopa ndi nthawi. Ku South Africa malipiro amakhala kutsogolo ngati ngongoleyo sinapitirire chaka chimodzi pofika tsiku lomwe mwasuma kapena kupereka umboni, ikakalamba kuposa apo imatsika pa mzere n'kukakhala kumbuyo kwa banki, ndipo kumbuyo kwa banki kulibe kanthu. Nde maloya anasuma msanga m'dzina lathu, ambiri tinakwera ndege, kunatsala anthu ochepa oyang'anira jenereta, mapampu ndi nangula, poti sitima siingasiyidwe yokha.

Zogulitsazo ine ndinazitsatira ndili kale kunyumba, pa gulu la WhatsApp lomwe tinatsegula ndi anzanga a ku Philippines, India ndi Tanzania. Banki ndi imene inapempha khoti kuti sitima igulitsidwe. Sadikira kuti milandu yonse ithe ayi, chifukwa sitima yoima imadya ndalama tsiku lililonse, mafuta a jenereta, inshuwalansi, alonda, za doko, kwinaku dzimbiri ndi ndere zikudya chitsulo, nde ukadikira zaka ziwiri upeza palibe chogawana. Khoti limayamba latulutsa chigamulo choyembekezera, kuti amene akutsutsa abwere tsiku lakuti adzanene, amachilengeza m'manyuzipepala ndi kutumiza kwa mwini ndi angongole odziwika. Bwana wathu sanatulukire. Khoti linatsimikiza, linasankha woyendetsa okushoni, akatswiri anakwera kukaona kuti sitimayo ingagulidwe zingati, ndipo ofuna kugula anapatsidwa masiku okaiyendera. Amaigula mmene ilili pomwe ilili, ukapeza injini yafa mawa ndi zako. Kuti upikisane nawo umayamba waika dipoziti, ndipo wopambana akalephera kumaliza kulipira m'masiku omwe khoti lanena dipoziti imapita. Mafuta otsala m'matanki anawagulitsa padera, ndalama yakenso padera.

Ogula amakhala amitundu iwiri, ofuna kuiyendetsa ndi ofuna kukaiphwanya. Achiwiriwa amawerengera kulemera kwa chitsulo basi n'kukaigulitsa ku Alang ku India, Chattogram ku Bangladesh kapena Gadani ku Pakistan komwe amadula sitima pagombe. Ife tinkapemphera kuti wofuna kuiyendetsa apezeke chifukwa amakweza mtengo. Chomwe chimakopa onsewa n'chakuti sitima yogulitsidwa ndi khoti imatuluka yoyera, ngongole zonse zakale zafufutika, ya banki, yathu, ya mafuta, palibe angaitsatirenso. Popanda zimenezo palibe angagule ndipo ifenso sitikanaona kanthu. Vuto lomwe lakhalapo n'lakuti wogula amatha kufika nayo dziko lina, wangongole wakale n'kuimangitsanso kumeneko khoti lakumeneko osalabadira zomwe linachita la ku Durban, kapena kaundula wa dziko lomwe inalembetsedwa kale kukana kuifufuta. N'chifukwa chake United Nations mu December 2022 inavomereza pangano la nkhani imeneyi, maiko anayamba kusainira ku Beijing mu September 2023, loti khoti logulitsa lizipereka satifiketi ndipo maiko ena omwe alowa m'panganolo aziilemekeza. Kwa wantchito phindu lake ndi loti wogula wopanda mantha amatchula mtengo wabwino.

Ndalama zikalipidwa sizipita kwa amene anamangitsa sitima ayi, ngakhale anayamba ndi iye. Zimalowa m'thumba la khoti n'kumabereka chiwongola dzanja, ndipo khoti limasankha loya wodziwa zam'nyanja, amati referee, kuti alandire madandaulo a angongole onse, aone oona ndi abodza, n'kuwaika pa mzere. Amene munagulitsapo fodya pa Chinkhoma mukudziwa mmene pepala lija limakhalira, ndalama yonse pamwamba kenako kudula kudula, misonkho, thiransipoti, ngongole ya feteleza, mlimi kumapeto. Kuno kudula kulipo koma mzere wake ndi wina. Poyamba zimachoka zomwe zagwiritsidwa ntchito kusamalira sitima ili m'manja mwa sherifi ndi kuigulitsa. Ngati pali amene anaipulumutsa pangozi m'nyanja nawonso amakhala kutsogolo. Kenako ife antchito, kumbuyo kwathu za doko, ovulala, oonongeredwa katundu, okonza ndi ogulitsa zinthu ngati mafuta amene ngongole zawo sizinadutse chaka, ndiyeno banki. Eya, banki ya mamiliyoni a madola kumbuyo kwa ine wopukuta oyilo. Ineyo ndimaona kuti apa analemba lamulo anthu oganiza, chifukwa banki inasankha yokha kukongoza munthu ameneyu itamufufuza, pamene ife tinangokwera sitima kukagwira ntchito.

Referee amaika tsiku lomaliza kulandira madandaulo ndipo limeneli si la masewera. Maloya ananditumizira chikalata cholumbira pa imelo kuti ndisaine pamaso pa loya wotsimikiza malumbiro ndi zikalata, amati notary. Ndinakachisindikiza pa kafe ina pa Kasungu boma, ndinawerenga mzere uliwonse n'kupeza kuti dzina langa lachiwiri analemba mosiyana ndi pasipoti, ndinabweza akonze, chifukwa chilembo chimodzi chomwecho chimadzakuvutitsa ku banki. Kenako basi ya m'mawa pa M1, makilomita pafupifupi 130 mpaka Lilongwe, kukalumbira, kudinditsa mafotokope a pasipoti, kontrakiti ndi pepala la akaputeni lija. Ndinatumiza sikani tsiku lomwelo, mapepala enieniwo pa kampani yotumiza makalata mwachangu, mtengo wake unandiwawa koma maloya anati zenizenizo zikufunika. Ma risiti sungani.

Ukatero umadikira, ndipo kudikira kwake ndi kwa miyezi. Angongole amapatsidwa mpata woona madandaulo a anzawo ndi kutsutsa. Banki imayang'anitsitsa chilichonse chomwe chili kutsogolo kwake poti dola iliyonse yopita kwa ife yachoka m'kamwa mwake. Malipiro enieniwo sanawatsutse koma ovataimu ya anzanga awiri anaikana chifukwa panalibe siginecha ya chifu injiniya, yanga inadutsa chifukwa mapepala analipo. Referee amalemba lipoti, lipotilo limapita ku khoti, khoti likalivomereza m'pamene thumba limatsegulidwa. Nthawi yonseyi kumudzi anthu ankangoti ndalama zija anadyedwa, amalume mpaka anandiitana kuti "mphwanga, iwala zimenezo, lima soya." Soya ndinalima koma imelo ndinkatsegula tsiku lililonse, netiweki ikavuta kukwera njinga mpaka pamsewu.

Chomaliza maloya anafuna akaunti ya banki ya dzina langa lenileni, osati ya mkazi kapena ya mbale, osatinso Airtel Money kapena Mpamba, pamodzi ndi SWIFT code, chizindikiro cha banki yako polandira ndalama zochokera kunja, ndi kalata ya banki yotsimikiza kuti akauntiyo ndi yanga. Ndalama zitafika banki yanga sinaziike pompo, anandiimbira kuti ndibweretse umboni wa komwe zachokera, nde ndinapita ndi chigamulo cha khoti, kalata ya maloya yosonyeza kuwerengetsa konse ndi kontrakiti. Zinalowa zitachotsedwa miyezi 4 ya inshuwalansi ija ndi za mabanki a m'njira, n'kusinthidwa kukhala makwacha pa mtengo wa banki wa tsiku limenelo. Ngati muli ndi akaunti ya madola funsani ku banki yanu zisanatumizidwe kuti malamulo a Reserve Bank pa nthawiyo akuti chani, amasinthasintha. Ndipo nambala ya foni ndi imelo zomwe munapatsa maloya musasinthe mpaka zonse zithe, mnzathu wina anasintha nambala atafika kwawo osauza munthu, gawo lake linakhala kwa maloya nthawi yaitali ife tikumusaka pa Facebook mpaka anapezeka kudzera kwa mchemwali wake.