Tiyi wobiriwira ndi mtima wanga

Khofi ndinamusiya chifukwa cha mtima. Ndinkamwa makapu atatu patsiku, ndipo dzuwa likangokwera mtima unkagunda ngati ndathamanga, manja akunjenjemera. Achemwali anga ndiwo anandipatsa paketi ya tiyi wobiriwira, green tea uja, n'kundiuza kuti ndimuyese kwa milungu iwiri yokha.

Kapu yoyamba inali yowawa kwambiri, moti ndinatsala pang'ono kutaya paketi yonse. Chifukwa chake ndinachidziwa pambuyo pake: ndinathira madzi akubwadamuka, n'kusiya masamba ali momwemo nthawi yaitali. Tiyiyu safuna zimenezo. Madzi akawira muwasiye apoleko kufika madigiri 80 kapena kucheperapo, masamba akhalemo mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Mukatero amakoma ngakhale opanda shuga, ndipo ine ndimamwa choncho.

Chinandidabwitsa n'chakuti tiyi wobiriwira ndi tiyi wakuda amachokera ku chomera chimodzi, Camellia sinensis. Kusiyana kuli pa kakonzedwe. Masamba a wakuda amawasiya kuti ade, pomwe a wobiriwira amawatenthetsa akangothyoledwa: ku Japan ndi nthunzi, ku China kawirikawiri powakazinga. Kutenthako kumasunga timichere totchedwa catechin, makamaka EGCG, tomwe timathandiza kuteteza maselo a m'thupi kuti asawonongeke.

Phindu lomwe ine ndinaliona ndekha ndi bata. Kapu imodzi imakhala ndi kafeini pafupifupi mamiligalamu 30, pomwe ya khofi imafika cha m'ma 95. M'tiyiyu mulinso kamchere kena kotchedwa L-theanine, komwe akuti kamathandiza munthu kudekha, ndipo kanapezeka m'tiyi ku Japan mu 1949. Tulo timachoka, mutu umagwira ntchito, koma kunjenjemera kuja sikunabwererenso.

Za mtima ndinaziwerenga mwachidwi, poti ndi nkhani yondikhudza. Kafukufuku wa ku Ohsaki, ku Japan, wofalitsidwa mu 2006, anatsatira anthu oposa 40,000 kwa zaka zofika 11. Anapeza kuti omwa makapu asanu kapena kuposerapo patsiku ankamwalira ndi matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi mocheperapo poyerekeza ndi omwe sankamaliza ngakhale kapu imodzi patsiku. Izi sizikutanthauza kuti tiyi yekhayo ndiye anawapulumutsa, chifukwa kadyedwe ndi kakhalidwe ka munthu kamalowererapo. Komabe akafukufuku ena aonanso kuti tiyiyu amatsitsako pang'ono mafuta oipa a m'magazi.

Chomwe chimandipweteka ndi malonda olonjeza kuti mimba iphwa pa mwezi umodzi. Thupi likatsika chifukwa cha tiyiyu, limatsika pang'ono zedi. Ndipo mapiritsi a green tea si chimodzimodzi ndi kapu ya tiyi. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linachenjeza kuti EGCG wofika mamiligalamu 800 patsiku kudzera m'mapiritsi angathe kuvulaza chiwindi. Chonde musamwe zimenezo popanda kufunsa adokotala.

Panopa ndimamwa makapu awiri, nthawi zina atatu. Sindimwera pa chakudya, ndimadikira papite ola, chifukwa tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'zakudya. Amene magazi awo ndi ochepa, komanso amayi oyembekezera, asamale pamenepa. Kapu yomaliza ndimamwa isanakwane 3 koloko masana, kuti usiku tulo tibwere bwino.