Chiswe chadya Magomero m'chipinda cha katundu

Anzanga a choko, ndikulemba mtima udakali kuwawa.

Za Lolemba ndi Lachiwiri sindichulutsa. Mukudziwa kale mmene teremu yachiwiri imayambira: a depyute akufuna masikimu (mapulani a zophunzitsa) pa tebulo, Fomu 2 yadzaza mpaka ena akukhala pakhomo, buku limodzi mitu isanu yaliweramira, ndipo mvula ikayamba kumenya malata ngakhale wa pa desiki yoyamba sakukumva. Makope a Fomu 4 ndinachonga usiku ndi tochi ya foni. Zimenezo tinazolowera. Chimene chandisowetsa tulo chinachitika Lachinayi.

Sukulu yathu ili m'boma la Chiradzulu, ndipo ena mwa ana athu kwawo ndi midzi yoyandikana ndi Magomero. Popeza tangochoka kumene pa tsiku la Chilembwe, pa 15 Januwale, ndinakonza zoti kalabu yathu ya olemba ikambe za munthu amene analemba mbiri ya dera lawolo, Landeg White. Nditafunsa a Fomu 3 ngati alipo anamvapo dzinali, kalasi yonse inangoti zii. Sindinawadzudzule. Akanalimva kuti?

Bamboyu anabadwira ku Wales mu 1940. Anali mlakatuli, mphunzitsi komanso womasulira mabuku. Atayamba waphunzitsa ku Trinidad, anabwera kuno kudzaphunzitsa ku Chancellor College, kolejiyo idakali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba. Anali m'gulu la aphunzitsi ndi ophunzira, a Jack Mapanje ali momwemo, limene linayambitsa Writers' Group mu 1970. Kumeneko achinyamata ankawerengerana ndakatulo zokuluwika, chifukwa masiku amenewo kunena chinthu mosabisa kunali kudziitanira ndende. Mu 1972 boma la Kamuzu linamupitikitsa m'dziko muno. Wina akanangosasa fumbi n'kutiiwala. Iye anakaphunzitsa ku Sierra Leone, ku Zambia, kenako ku York ku England, koma maso ake sanachoke kuno. Mu 1983 iye ndi a Mapanje anatulutsa buku la ndakatulo zapakamwa za mu Africa. Mu 1987 anatulutsa Magomero: Portrait of an African Village, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho a Mapanje atatsekeredwa ku Mikuyu, White anali mmodzi mwa amene sanaleke kuchita phokoso kunjako mpaka mnzakeyo anatuluka mu 1991.

Buku la Magomero ndinaliwerenga ndili ku koleji, ndipo ndi limene linandipangitsa kukonda ntchito ino. Muli Bishopu Mackenzie akufika ndi mishoni yake mu 1861, muli esiteti ya a Bruce ndi thangata lake, muli Alomwe akuwoloka kuchokera ku Mozambique kudzafuna pokhala, muli William Jervis Livingstone, mkulu wa esitetiyo, amene anthu a Chilembwe anamupha mu Januwale 1915. Koma chimene chinandigwira ine ndi choti anthu wamba a m'mudzi, amayi makamaka, ali pakati penipeni pa nkhaniyo, osati kumbali. Ndinkafuna ana athu aligwire ndi manja awo, aone dzina la kwawo litasindikizidwa pachikuto.

Ndinkadziwa kuti bukuli tili nalo, chifukwa ndine ndinalilemba m'kaundula pamene tinalandira makatoni a mabuku a mphatso zaka zingapo zapitazo. Chipinda chimene chinali laibulale chitasanduka kalasi, makatoniwo anawatutira m'chipinda cha katundu, momwe muli makasu, zikwanje ndi madesiki othyoka. Kiyi amasunga ahedi okha. Ndinapempha Lolemba, akuti mawa. Lachiwiri anali ku msonkhano. Lachitatu kiyi anaiwala kunyumba. Lachinayi pa buleki ndi pomwe anatsegula.

Fungo la nkhungu ndi limene linatilonjera. Lata limodzi linabooka kalekale, madzi akhala akudonthera pa makatoni kuyambira mvula yoyamba, ndipo chiswe chamanga njira zake kuchokera pansi mpaka pa katoni ya pamwamba. Nditanyamula katoni yoyamba, pansi pake panatsala pomwepo, mabuku n'kukhuthuka ngati manyowa. Madikishonale, mabuku a ndakatulo, a nthano, a sayansi. Magomero ndinalipeza m'katoni yachitatu. Chikuto chinali bwinobwino moti ndinayamba kusangalala, koma nditatsegula m'kati munali dothi lokhalokha. Atsala masamba ochepa a chapakati, nawonso odyeka m'mbali.

Ahedi anayang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, bola sanabedwe. Ndiponso si a pa silabasi amenewa." Kenako anati ndilembe lipoti, ndipo ana ochedwa mawa adzatute zonsezo n'kukaotcha kudzala.

Mawu akuti bola sanabedwe ndi amene akundipweteka mpaka pano, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ahedi athu si munthu woipa mtima. Amaopa. Buku likabwerekedwa n'kusowa, oyendera akabwera pamakhala mlandu ndipo woyankha ndi iwo. Buku likaolera m'katoni yotseka, m'kaundula likadalipo ndipo palibe amene afunsidwe. Ndiye kwa zaka zonsezi takhala tikuteteza kaundula, ana akumaliza Fomu 4 osatsegulapo dikishonale, mabuku ali pa mtunda wa mapazi makumi awiri kuchokera pa bolodi. Pa misonkhano ya aphunzitsi ndanenapo katatu kuti tipatsidwe kabati imodzi yokha ku dipatimenti ya zilankhulo. Yankho limakhala loti ndalama palibe. Koma ya penti wa pa chipata inapezeka. Ndinawauza ahedi mwaulemu kuti lipoti ndilemba, koma mwana wa kalabu yanga sindimutuma kukaotcha mabuku. Masamba otsala aja ndinawaika m'jumbo n'kupita nawo kunyumba.

Lachisanu kalabu inakumanabe, pansi pa mtengo wa mango. Ndinali nditawauza kale kuti aliyense akapemphe nyimbo ya pamtondo kapena ya kumunda kwa agogo ake. Ndinawafotokozera kuti White ndi mnzake Leroy Vail anafufuza nyimbo za anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates ku Zambezi, kuphatikizapo nyimbo ya Paiva, yodandaula za nkhanza za pa ntchitopo, ndipo anaonetsa kuti m'zikhalidwe zathu zimene sunganene kwa mfumu kapena kwa kapitawo pamaso, m'nyimbo umaloledwa kuzinena. Ana anamvetsa msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Amayi awo amachita zomwezo akamasinja, apongozi ali pakhonde.

Mtsikana wina wa Fomu 3, amene m'kalasi sakweza dzanja, anaimba nyimbo imene agogo ake anaiphunzira kwa amayi awo, yosakaniza Chilomwe ndi Chichewa, ya mkazi wodandaula kuti munda wake wamera thengo mwamuna ali ku thangata. Tinayesa kuimasulira m'Chingerezi ndipo tinakakamira pa liwu limodzi lomwelo. Kuthangata ndi kuthandiza mnzako, chinthu chokoma. Thangata la pa esiteti linali ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Liwu la Chingerezi lonyamula zonse ziwiri silinapezeke, ndipo anatsutsana mpaka belu linalira osalimva. Ndinawauza kuti imeneyo ndiyo ntchito ya womasulira, ndipo kuti White, atasamukira ku Portugal, analimbana ndi zotere pomasulira m'Chingerezi ndakatulo yaitali ya mlakatuli wa Chipwitikizi Camões ya mu 1572, ya zigawo khumi, yofotokoza ulendo wa Vasco da Gama umene unadutsa m'mbali mwa nyanja ku Mozambique. Kumasulira kwakeko kunatuluka mu 1997, ndipo iye anamwalira ku Portugal komweko mu 2017.

Tikubalalika, mtsikana uja anatsalira. "Madamu, buku la kwathu lija mungandibwereke ndikawerengere agogo?" Ndinatsegula jumbo n'kumuonetsa. Anatola tsamba limodzi, napukuta dothi ndi chala, n'kuyamba kuwerenga mizere imene chiswe chinasiya.

Lipoti ndalemba, masamba awiri, ndipo kumapeto ndapemphanso kabati ndi kiyi. Ndikapereka Lolemba. Makatoni anayi amene sitinawatsegule akadali m'chipinda muja, kiyi wabwerera m'thumba la ahedi, ndipo pamene ndikulemba pano mvula yayambanso.