Kuthokoza kwanga pambuyo pa opaleshoni ya chithokomiro

Zotsatira zakuchipatala zatuluka, ndipo zikusonyeza kuti khansa imene inapezeka m'chithokomiro changa, chiwalo cha pakhosi chopanga mahomoni, inachotsedwa yonse. Ndaona kuti n'koyenera kuthokoza poyera anthu amene anandisamalira.

Ndiyambe ndi a dokotala amene anandichita opaleshoni. Atatenga timadzi ta m'chotupa ndi kasingano, anapeza kuti ndi khansa ya mtundu wa papillary, yomwe ndi yofala kwambiri pa khansa za chithokomiro ndipo nthawi zambiri imakula pang'onopang'ono. Anandiuza kuti theka la chithokomiro likhoza kuchotsedwa popanda kung'amba pakhosi. Njirayi, imene inatchuka Dr. Angkoon Anuwong a ku Thailand atafalitsa zotsatira za odwala 60 mu 2016, imadzera m'kamwa: amaboola timabowo titatu mkati mwa mlomo wam'munsi, kapakati kolowetsera kamera ndi tiwiri tam'mbali tolowetsera zipangizo, kenako amapopera mpweya wa carbon dioxide pansi pa khungu kuti apeze mpata wogwirira ntchito uku akuonera pa kanema.

Kusowa chipsera pakhosi n'kokondweretsa, koma chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti sanandibisire kanthu. Ananena mosapita m'mbali kuti njirayi imayenera chotupa chaching'ono chimene sichinafalikire m'khosi, ndiponso kuti zinthu zikavuta mkati mwa opaleshoni adzang'amba pakhosi ndithu, chifukwa chofunika n'kuchotsa khansa. Anandijambuliranso papepala mtsempha woyendetsa mawu umene umadutsa kuseri kwa chithokomiro, pamodzi ndi tiziwalo tinayi ta parathyroid toyang'anira kashiamu m'magazi, n'kundiuza kuti zimenezi ndi zimene adzazitchinjirize kwambiri. Nditatsitsimuka, anandipempha kuti nditchule dzina langa, ndipo mawu anatuluka bwinobwino.

Anamwino nawo anagwira ntchito yotamandika. Chibwano chitatupa, mlomo utachita dzanzi moti madzi ankangodontha ndikamamwa, ankabwera ngakhale pakati pa usiku kudzandithandiza kuchukucha m'kamwa ndi mankhwala ndi kundifunsa ngati zala zikunyerenyetsa, chizindikiro cha kuchepa kwa kashiamu. Dzanzilo latha tsopano.

Kwa akazi anga, amene anagona pampando pafupi ndi bedi langa, komanso abale ndi anzanga amene munandipempherera ndi kundiyendera, zikomo kwambiri. Ndipitiriza kukayezetsa magazi kuti aone ngati theka lotsalalo likupanga mahomoni okwanira, komanso kukaunikitsa khosi monga anandilangizira a dokotala, choncho musaleke kundikumbukira m'mapemphero anu.