Zomwe ndaphunzira pa ndere za m'thanki yatsopano ya makorali

Thanki ya madzi amchere yowetera nsomba ndi makorali (tinyama ta m'nyanja yamchere timene timamanga matanthwe) ikangoyamba kumene, mchenga umakhala mbuu, miyala nayo yoyera bwino. Pakapita masabata ochepa, kautoto kabulauni kamayamba kuyala pamchenga ndi pagalasi. Ukapukuta ndi chala kamachoka mosavuta, koma mawa lake kabwereranso. Izi ndi ndere zotchedwa diatom. Zimamanga zikamba zake ndi silica, yemwe amapezeka mumchenga watsopano komanso m'madzi a pampopi. Silica akachepa, zimazilala zokha popanda mankhwala.

Zikatha izi kumabwera ndere zobiriwira zonga tsitsi, ndipo zimenezi ndiye zimagwetsa anthu ulesi. Chakudya chake ndi nitrate ndi phosphate. Zitosi za nsomba ndi zakudya zotsalira zikamaola zimatulutsa ammonia, mabakiteriya amamusandutsa nitrite, kenako nitrate. M'thanki yatsopano, miyala imakhala isanakutidwe ndi zamoyo zina zolimbirana malo ndi chakudya, nyale ikuwala tsiku lonse, ndiye ndere zimangodzichitira. Kuzula ndi manja kumathandiza, kuchepetsa maola a nyale ndi chakudya cha nsomba nakonso, komanso kusintha madzi pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito osefedwa ndi makina a RO/DI, omwe amachotsa pafupifupi zonse zosungunuka m'madzi a pampopi. Mchere uyenera kukhazikika pafupifupi magalamu 35 pa lita.

Pali chinthu china chofiirira, choterera, chomwe chimayala ngati bulangeti n'kumatulutsa timathovu masana. Ambiri amati ndi ndere, koma ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, ndipo amakonda malo amene madzi sakuyenda bwino.

Chimene chandigwira mtima kwambiri pa kuwerenga kwanga ndi nkhani ya ku Caribbean. Mu 1983 ndi 1984, matenda anapha pafupifupi tinyama tonse taminga totchedwa Diadema antillarum, tomwe tinkadya ndere pamiyala ya m'nyanja. Ku Jamaica nsomba zodya ndere zinali zitachepa kale kwambiri chifukwa cha usodzi, choncho panalibe wotsala woti n'kumweta. Makorali omwe cha m'ma 1970 ankakuta pafupifupi theka la miyala, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anali osakwana 5 peresenti, ndere zitalanda malo. Nditamvetsa izi ndinasiya kuona nkhono za Trochus ndi Turbo, zomwe timaika m'thanki, ngati zokongoletsera. Ndi zimene zimagwira ntchito yeniyeni usiku wonse, ndipo m'mawa umaona kanjira koyera kokhotakhota pagalasi pomwe nkhono yadutsa ikupala. Nsomba za mbuna za m'Nyanja ya Malawi zimachita zofanana pamiyala ya ku Cape Maclear, kungoti m'madzi amchere sizingakhale.

Maganizo anga ndi akuti kuthamangira mankhwala m'miyezi yoyamba n'kulakwa. Munthu akachotseratu nitrate ndi phosphate yense, nthawi zambiri amaitana ma dinoflagellate, tizamoyo ta selo imodzi toyala ngati mamina, omwe ndi ovuta kuposa ndere zobiriwira, ndipo ena mwa iwo ali ndi poizoni wopha nkhono. Makorali enieniwo amafunanso pang'ono za zakudyazi, chifukwa m'thupi mwawo mumakhala tindere tating'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timawapangira chakudya ndi kuwala. Panopa ndikuphunzira za calcium ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi), popeza ndere zolimba zapinki za coralline, zomwe zimatseka malo pamiyala, sizikula popanda ziwirizi.